Ng'oma, Ngoma ndi Ingoma: Liu Limodzi Kapena Mau Ambiri?

Pakati pa ntchito zimene aphunzitsi a filosofi amayamba nazo pophunzitsa aseminale a chaka choyamba pali ntchito yosiyanitsa mau. Ophunzira asanaloledwe kutsutsana za Mulungu kapena za mzimu wa munthu, ayenera kuyamba adziwa ngati liu limene ali kugwiritsa ntchito litanthauza chinthu chimodzi pakamwa pa onse. Ambiri amaiona ntchitoyi ngati yogwetsa ulesi. Komatu masiku ano yapeza malo atsopano kunja kwa mpanda wa seminale, pakati pa anthu amene amalemba ndi kusanja insaikulopediya za pa intaneti, ndiye kuti nkhokwe zija za nzeru zimene munthu amatsekula pa foni. Yotchuka mwa izo, Wikipedia, inayamba mu 2001, ndipo ili ndi chigawo cha Chichewa ndi china cha Chitumbuka, zolembedwa ndi anthu ongodzipereka. Mnyamata wa kwaya ku Ching'ambo, mu mzinda wa Mzuzu, akafuna kudziwa mbiri ya ng'oma imene amaimba Lamulungu lililonse, kawirikawiri sapita kwa agogo ake, amafunsa foni. Chimene adzapeze pamenepo chidalira m'mene olembawo anasanjira liu limodzi lovuta, ndipo ife tifuna kuonetsa kuti kasanjidwe kameneka kakhudzanso ansembe ndi onse osamala za nyimbo za m'tchalitchi.

Tiyambe tayala mauwo pamphasa. M'Chichewa ng'oma ndi choimbira: thunthu la mtengo logobedwa m'kati, lokutidwa ndi chikopa chokhomedwa ndi zikhomo, chimene amachiwamba pamoto kuti chikungike, ndipo nthawi zina amamata phula pakati pake kuti liu litsike. Ng'omazi zili ndi maina awo, monga mbalule, mpanje ndi gunda. Tikachotsa nkhodolero, kachizindikiro kaja kokhala pakati pa g ndi o, tapeza ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana ndi mizere yoyera m'nthiti. Tikalowa mu msika wa ku Ching'ambo ndi kufunsa ngoma, mai wogulitsa satipatsa nyama kapena choimbira, koma atiyezera chimanga, pakuti m'Chitumbuka ngoma kapena vingoma ndi chimanga. Ku Ekwendeni ndi ku Embangweni ingoma ndi gule wa Angoni, amene Angoni a ku Ntcheu amamutcha ngoma. M'Chiswahili ngoma ndi choimbira, ndi gule, ndiponso chikondwerero chonse chimene anthu asonkhanira. M'Chizulu ingoma ndi nyimbo yovinidwa, ndipo dzina la sing'anga woombeza, isangoma, lichokera ku tsinde lomwelo. Pamwamba pa zonsezi pali maina a malo ndi a makampani: boma la Ngoma ku Rwanda, ndi kampani ya malekodi yotchedwa Ngoma imene inayamba mu 1948 ku Léopoldville, kumene lero timati Kinshasa.

Khutu la Mchewa kapena la Mtumbuka silisokoneza ng'oma ndi ngoma. Chisokonezo chibadwa polemba. Pa foni anthu ambiri salabadira nkhodolero, ndipo dzina lenilenilo la Ching'ambo limalembedwa kawirikawiri ngati Chingambo, mlendo n'kumalitchula mokhota. Tsono munthu akalemba zilembo zisanu zokha, n, g, o, m, a, makina sangadziwe ngati ali kufuna nyama, chimanga, gule kapena choimbira. Wina ayenera kumkonzeratu njira.

Njira zitatu ndi funso lobisika

Osanja insaikulopediya ali ndi njira zitatu akakumana ndi liu lotere. Yoyamba ndiyo kupereka dzinalo kwa tanthauzo limodzi limene aona kuti ndilo lalikulu, ena onse n'kungowalozera ndi kamzere pamwamba pa nkhani. Yachiwiri ndiyo kuika tsamba la pamphambano, lopanda chiphunzitso chilichonse, longondandalika matanthauzo onse kuti woyenda asankhe yekha kolowera. Yachitatu ndiyo kulemba nkhani imodzi yotambasuka yofotokoza chimene chimanga matanthauzowo pamodzi, nthambi iliyonse n'kukhala ndi nkhani yakeyake pansi pa tsindelo. Anthu akamakangana za njirazi amayesa kuti ali kukangana za ukhondo wa masamba. Koma wosankha njira iliyonse mwa zitatuzi wayankha kale, kaya adziwa kaya sadziwa, funso limene Aristotle anafunsa pachiyambi penipeni pa buku lake la Categoriae: kodi zinthu zotchedwa dzina limodzi zigawana dzina lokha, kapena zigawananso chimene dzinalo litanthauza?

Owerenga athu akumbukira magulu atatu a m'kalasi. Pali mau otchedwa univoca, amene tanthauzo lake silisintha: tikati mbuzi ndi nyama, ngoma ndi nyama, liu loti nyama lanena chimodzimodzi. Pali aequivoca, amene angofanana kamvekedwe: mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa mchere pa msika sizidziwana. Pakati pa awiriwa pali analoga, mau onena zinthu zosiyana koma zonse zoloza ku chinthu chimodzi. Timati munthu wathanzi, chakudya chathanzi, nkhope yathanzi. Thanzilo lili mwa munthu, chakudya chimalibweretsa, nkhope imalionetsa. Thomas Woyera wa ku Aquino, amene sanali wamanyazi pa zitsanzo, anatchula mankhwala ndi mkodzo pofotokoza zimenezi m'funso la 13 la gawo loyamba la Summa Theologiae, pamene anali kufufuza ngati maina athu a anthu angathe kunenadi zoona za Mulungu.

Mbali ina ya mlandu wathu ndi yosavuta. Ngoma ya m'tchire, ngoma ya m'munda ndi Ngoma ya ku Rwanda zili kwa ng'oma monga mtengo wa mchere uli kwa mtengo wa m'nkhalango. Malo awo ndi pa tsamba la pamphambano, ndipo palibe chotayika pozilekanitsa. Wina angatikumbutse kuti nyanga ya ngoma amaiboola ndi kuiomba ngati lipenga, choncho nyamayo ili ndi gawo m'zoimbira. Nzoona, koma umenewo ndi mlatho wabodza; palibe amene amatcha nyamayo ngoma chifukwa cha kulira kwa nyanga yake. Vuto lenileni lili pa matanthauzo otsalawo: choimbira, gule, nyimbo ndi machiritso.

Gule wopanda ng'oma

Munthu wofulumira anganene kuti tsinde ndi choimbira chija, ndipo gule ndi nyimbo zatenga dzina chifukwa zimatsata ng'oma. Akatswiri a zinenero za Chibantu angamuvomereze pang'ono, pakuti tsinde la liuli, lopezeka kuchokera ku Congo kufikira ku South Africa, iwo amati linali dzina la choimbira. Koma aliyense amene anaonerapo ingoma, kaya pa mwambo wa Umthetho pa phiri la Hora kaya pabwalo la mudzi ku Mzimba, adziwa chinthu chodabwitsa: m'gule ameneyu mwa chikhalidwe chake mulibe ng'oma. Amuna amaima m'mizere atanyamula zishango ndi zibonga, napondetsa mapazi pansi nthawi imodzi mpaka nthaka kuyankha. Timabelu ndi maseche a m'miyendo zimalira. Amai amaomba m'manja, kuimba ndi kuliza nthungululu. Nthaka ndiyo chikopa, mapazi ndiwo manja. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana wa dzuwa, ndipo a M'mbelwa anadzakhazikika kumpoto kwa dziko lino m'zaka za m'ma 1850. Liu limene anabwera nalo linali litasiya kale kutanthauza mtengo ndi chikopa.

Apa mpamene Thomas atithandiza koposa. M'funso lomwe lija iye asiyanitsa kumene dzina lachokera ndi chimene dzinalo liikidwira kutanthauza. Chinthu chikhoza kukhala choyamba pa mbiri ya dzina osakhala choyamba pa tanthauzo. Ife tiganiza kuti ndi momwe zilili ndi ng'oma. Dzina linayambira pa choimbira, koma chimene anthu analisungira ndi chochitika: anthu asonkhana, wina atsogola ena avomera, matupi ambiri amvera kugunda kumodzi, ndipo asonkhanira cholinga chodziwika, kaya maliro, kaya kulonga mfumu, kaya kupempha mvula, kaya kuchiza wodwala. Choimbira chimabweretsa kugundako monga chakudya chibweretsa thanzi, koma mapazi a Angoni atha kukubweretsanso. John Janzen, m'buku lake lotchedwa Ngoma la mu 1992, atafufuza ku Kinshasa, Dar es Salaam, Mbabane ndi Cape Town, anapeza kuti mwa ochiritsa a madera onsewa pakatikati pa mwambo pali nyimbo yovinidwa ndi gulu lozinga wodwala, ngakhale kumene ng'oma yeniyeni siimbidwa.

Umboni wina uli pafupi ndi ife, kwa abale athu a Sinodi ya Livingstonia. Pamene Chikhristu chinafika kwa Angoni, kuyambira ndi William Koyi pa Njuyu mu 1882, nyimbo za m'tchalitchi za m'Chingoni zinatchedwa izingoma. Mawelera Tembo, mmodzi wa Angoni oyamba kubatizidwa mu 1890, anapeka nyimbo zachikhristu pa maimbidwe a makolo ake, ndipo Donald Fraser ku Loudon, kumene ndi ku Embangweni, ankalimbikitsa mipikisano ya opeka nyimbo zotere. Tsono liu limodzi lomwelo linatchula gule wa ankhondo ndi nyimbo yotamanda Khristu, ndipo Angoni sanaone chosemphana. Mlembi amene aika izingoma pa tsamba la pamphambano pafupi ndi chimanga, ngati kuti kufanana kwake ndi ingoma kunangochitika mwangozi, wafafaniza chimodzi cha zinthu zokoma kwambiri m'mbiri ya Chikhristu cha kumpoto.

Chovuta koposa ndi vimbuza. Liu limeneli palokha litanthauza zitatu: matenda, mizimu imene anthu amati ndiyo yadzetsa matendawo, ndi gule wochizira. Pamenepa ng'oma ili pakati penipeni. Amuna amaimba ng'oma, amai ndi ana amazinga bwalo akuimba ndi kuomba m'manja, ndipo wodwala amavina. Steven Friedson, m'buku lake la Dancing Prophets la mu 1996, anafotokoza kuti mzimu uliwonse uli ndi kaimbidwe kake ka ng'oma, kotero kuti sing'anga amazindikira mzimuwo poona kaimbidwe kamene wodwala wakamvera. Ena mwa mizimuyo, vyanusi, anthu amati ndi ya Chingoni. Amishoni anaukana mwambowu mwamphamvu, koma sunathe. UNESCO inaulengeza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005 ndi kuulemba pa mndandanda wake mu 2008, ndipo lero vimbuza amavinidwanso pa zisangalalo pamene palibe wodwala aliyense. Kwa akhristu ambiri achikulire a ku Rumphi ndi ku Mzimba, kulira kwa ng'oma usiku kunali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo ndilo limeneli.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Pa 22 November 1903 Papa Pius X analemba kalata yake ya nyimbo zopatulika, Tra le sollecitudini, m'mene analetsa m'tchalitchi piyano pamodzi ndi zoimbira zaphokoso, natchula ng'oma pakati pa izo. Nthawi imeneyo Azibambo a Montfort anali atangofika ku Nzama mu 1901, ndi Azibambo Oyera ku Mua mu 1902. Tiyenera kufunsa kuti Papa anali kunena ng'oma iti. Iye anali kulimbana ndi maimbidwe a zisudzo ndi a mabandi amene analowerera m'matchalitchi a ku Italy. Ng'oma ya m'maganizo ake inali ija ya bandi. Ngati ili ndi mbale wake kuno, ndiye ng'oma yaikulu ya malipenga a ku Nkhata Bay, gule amene anabadwa potsanzira perete wa asilikali itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Za Mbiriwiri, ng'oma yopatulika ya ku kachisi wa mvula ku Msinja, kalatayo sinaganizire konse. Komabe lamulo litawoloka nyanja, liu limodzi la Chizungu linagwera pa ng'oma zonse za kuno, ndipo linakumana ndi mantha amene amishoni anali nawo kale pa nyau ndi pa vimbuza. Kwa zaka zoposa makumi asanu akhristu athu anaimba Misa manja ali pachifuwa, mwa zina chifukwa cha liu limene silinasiyanitsidwe.

Konsili yachiwiri ya Vatikano inatsekula khomo. Chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha pa 4 December 1963, m'ndime 119, chilamula kuti maimbidwe a mitundu ya anthu a m'maiko a mishoni alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera, ndipo ndime 120 ilola zoimbira zina kuwonjezera pa limba, ngati aepiskopi a dera avomereza kuti nzoyenera ntchito yopatulika. Koma malangizo a Musicam sacram a mu 1967, m'ndime 63, anaika malire: zoimbira zimene anthu onse, pa maganizo ndi pa kagwiritsidwe ntchito, amaziona kuti nza zosangalatsa za kunja kokha, zisalowe m'mapemphero. Taonani pamene muyeso waikidwa. Suli pa mtengo kapena pa chikopa. Uli pa chimene anthu amamva akamva choimbiracho. Ndipo chimene anthu amamva chimaumbidwa ndi zimene auzidwa, kale ndi agogo ndi akatekisti, lero ndi zimene awerenga pa foni.

Nchifukwa chake kasanjidwe kolakwika kangabale zolakwa ziwiri zosiyana. Ngati nkhani yaikulu ya ng'oma iyamba ndi mizimu ndi machiritso, ngati kuti limenelo ndilo tanthauzo lalikulu, mkhristu wa mtima wosakhazikika adzatsimikiza kuti ng'oma iliyonse imaitana mizimu, ndipo tidzamvanso m'miphakati mkangano umene tinayesa kuti unatha. Ngati nkhaniyo ingofotokoza mtengo, chikopa ndi phula, n'kukankhira vimbuza ndi ingoma pa tsamba la pamphambano, mnyamata wa kwaya adzaphunzira kuti ng'oma ndi chipangizo chabe chopanda chonena, ndipo tsiku lina adzalowetsa kaimbidwe ka vyanusi pa nthawi ya zopereka chifukwa nkokoma, osamvetsa chifukwa chimene gogo wina watulukira panja akunjenjemera. Cholakwa chachiwirichi ife tichiopa koposa, pakuti chimaoneka ngati nzeru. Gogoyo sali kulakwa pomva zimene wamva. Kaimbidwe kali ndi mwini wake, monga liu lili ndi tanthauzo lake, ndipo woyang'anira kwaya ayenera kudziwa kaimbidwe kamene kanamasuka kale ndi kamene kakadali komangika ku mwambo wina.

Kasanjidwe kamene tikuona kuti nkoyenera nkotere. Dzina lopanda nkhodolero, ngoma, likhale tsamba la pamphambano, popeza ndi pamene ambiri amagwera; pamenepo pakhale nyama, chimanga, malo ndi kampani ija, ndipo pamwamba pa zonse pakhale cholozera ku ng'oma. Nkhani ya ng'oma ikhale yotambasuka: iyambe ndi choimbira, pakuti ndiko dzina linachokera, koma isathere pamenepo, ifotokoze m'mene liulo linakulira mpaka kutchula gule, nyimbo ndi msonkhano wochiza, ndipo inene poyera kuti pali ingoma yopanda ng'oma. Kenaka ingoma, vimbuza, malipenga ndi izingoma zikhale ndi nkhani zawozawo, chilichonse pa dzina limene eni ake amachitcha. Vimbuza asalembedwe ngati mtundu wa ng'oma, ndipo ingoma isamezedwe ndi ngoma ya Chiswahili chifukwa chakuti za ku Tanzania zinalembedwa zambiri m'Chingerezi.

Tionjezepo kuti kasanjidwe aka sikangakhale kamodzi m'zinenero zonse. M'chigawo cha Chitumbuka, munthu wolemba ngoma nthawi zambiri afuna chimanga, ndipo nkoyenera kuti chimangacho chitenge dzinalo. M'chigawo cha Chichewa sizili choncho. Womasulira tsamba la Chingerezi liu ndi liu amabweretsa pamodzi ndi mauwo chiweruzo cha anthu ena pa funso lakuti tanthauzo lalikulu ndi liti. Ku Ching'ambo, kumene Mtumbuka, Mtonga, Mngoni, Mnkhonde ndi Mchewa amatunga pa mpopi umodzi ndi kuimba m'kwaya imodzi, munthu mmodzi yemweyo amasintha tanthauzo la liuli kangapo dzuwa lisanalowe.

Chatsala ndi cha maumboni. Insaikulopediya za mtundu uwu sizilandira zimene munthu wangomva. Zifuna kuti chonenedwa chilichonse chikhale chitasindikizidwa kale kwina. Lamuloli nlabwino poletsa mabodza, koma limapondereza nzeru zimene zikadali pakamwa pa anthu. Za vimbuza zilipo zolembedwa, za Friedson ndi za Boston Soko. Za nyimbo za Angoni analembapo Margaret Read mu 1937. Za Fraser ndi chikhalidwe cha Angoni analemba Jack Thompson mu 1995. David Clement Scott wa ku Blantyre, potulutsa mtanthauziramau wake wa Chimang'anja mu 1892, anaona kale kuti liu la kuno silimasulika ndi liu limodzi la Chingerezi, nchifukwa chake pansi pa mau ambiri anafotokoza miyambo, miyambi ndi ntchito za anthu, nalitcha bukulo Cyclopaedic Dictionary. Ku Mua, Kungoni Centre, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, yasunga zambiri za Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma za m'mene ng'oma inalowera m'matchalitchi athu a Katolika a kumpoto, parishi ndi parishi, ndi kaimbidwe kati kamene kanalandiridwa, kati kamene kanakanidwa ndipo anakana ndani, zambiri zili m'mitu ya akatekisti okalamba ndi amai a kwaya zoyamba, amene ali kutha chaka ndi chaka.

Aseminale amene amapita ku maparishi pa chaka cha utumiki ndiwo ali pamalo abwino otolera zimenezi, ndipo masamba a magazini ngati ino ndiwo angazisandutse umboni wolandirika. Wotumidwa ku Nkhata Bay afunse za ng'oma ya malipenga ndi ya chilimika. Wa ku Rumphi afunse oimba ng'oma za vimbuza maina a kaimbidwe kalikonse, ndi kamene iwo eni sangalole kuimbidwa pa ukwati. Wa ku Mzimba afunse madoda ngati nyimbo ya ingoma ikhalabe ingoma ikaimbidwa anthu atakhala pansi. Polemba, aliyense aike nkhodolero pamalo pake, atchule chinenero chimene liulo linanenedwera, mudzi umene analimva, ndi chaka.